Chogogoda cha m'Mabango

Chinayamba kumveka Lachiwiri madzulo, mvula itapumako pang'ono monga amachitira munthu wolongolola akafuna kumeza malovu. Chinkachokera kunyanja, kuseri kwa mabango amene amalekanitsa mudzi ndi madzi a Chilwa. Sinali ng'oma, sinalinso mbalame. Kunali kugogoda kwa chitsulo, kouma, kosafulumira: ngo, ngo, ngo, kenako zii, kenako ngo, ngo, ngo. Mphepo ikatembenuka chinkasowa, ikabwerera inkabwera nacho mpaka pakhonde.

Vuto linali lakuti kunyanjako kunalibe munthu woti n'kugogoda. Unali mwezi wa Januwale, nyanja itatsekedwa kuti nsomba ziswane, mabwato atakokeredwa kumtunda, ndipo namondwe wa Lamlungu usiku anali atathamangitsa ngakhale ozembera lamulo amene saopa chilichonse.

Woyamba kumva anali a Fanuelo, bambo wokalamba amene anasiya usodzi chifukwa cha msana n'kuyamba kuluka miono yogwirira nsomba. Madzulo amenewo anali m'nyumba mwawo atazungulira mbaula pamodzi ndi akazi awo, a Leya, ndiponso mnansi wawo Abiti Saidi. Abiti Saidi ankakhala m'nyumba yoyang'anizana nayo pamodzi ndi achimwene awo, Che Rashidi, onse awiri ofedwa. Popeza Che Rashidi anali atachokapo, mayiwo ankabwera kudzacheza madzulo alionse kuti asamamve mabingu ali okha.

"Malata ndi abwino, sindikukana," ankatero Abiti Saidi uku akuwotha manja, "koma mvula ikagwa munthu sumva zimene mnzako akunena. Udzu uja unali ndi ulemu. Mvula inkagwa ngati ikuchita odi."

"Ulemu wanji wodonthera pamphasa?" anayankha a Leya. "Ine ndinatopa n'kugona beseni kumutu, chidebe kumiyendo. Asokosere malatawo, bola msana wanga uli wouma."

"Amene atola mwayi ndi achimwene," anatero Abiti Saidi. "Ali pabwino. Ku Songani kwa mwana wawo kuli siling'i, kuli magetsi, matiresi ake okhuthala chonchi. Panopa atambalala akumwa tiyi wamkaka, ife kuno tikupikisana ndi achule."

Amayi awiriwo anaseka. A Fanuelo sanaseke nawo, chifukwa ankadziwa chinthu chimene enawo sankachidziwa: Che Rashidi sanapite ku Songani.

Loweruka m'mamawa Che Rashidi anawapeza kuseri kwa nyumba n'kuwapempha miono isanu. Anati akufuna akatchere masiku awiri okha kuchimbowera chawo, kanyumba kaja kamene asodzi a ku Chilwa amamanga paudzu woyandama mkati mwa nyanja. "Milamba yachuluka, ndiwo m'nyumba mulibe," anatero monong'ona. "Koma achemwali musawauze, andidya wamoyo. Ndawauza kuti ndikukaona mwana." A Fanuelo anawapatsa mionoyo, anawanyamulirako kathumba ka ufa, ndipo bwatolo analikankhira m'madzi ndi manja awo. Anthuwa anali paubwenzi zaka makumi anayi, wina wa kutchalitchi wina wa kumzikiti, ndipo aka sikanali kabodza koyamba kusungirana.

Lamlungu usiku kunabwera namondwe uja. Lolemba a Fanuelo anapita kudoko la Kachulu mtima uli m'mwamba, ndipo anapeza anthu atazungulira Edwadi, bambo woyendetsa boti la injini lopita kuchilumba cha Chisi. Edwadi ankafotokoza kuti zimbowera zonse za chakummwera zapita, pamene zinali pangotsala madzi okhaokha. Palibe anadandaula kwenikweni, poti aliyense ankadziwa kuti nyengo ino mumakhala mopanda anthu. Edwadi anali atakokanso bwato lina limene analipeza litagadabuka. Kumutu kwake kunali chigamba cha lata lofiira. A Fanuelo anachidziwa chigambacho chifukwa anachikhoma okha chaka chatha.

"La ndani ili, agogo?" wina anawafunsa.

Iwo anapukusa mutu.

Anabwerera kumudzi atatsimikiza mtima kuti akanena. Koma atafika anapeza Abiti Saidi akusenda chinangwa pakhonde ndi a Leya, akuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, ndipo pakamwa pa a Fanuelo panakana kutseguka. Anadziuza kuti anena mawa. Amene anayesapo kusunga uthenga wa maliro akudziwa kuti mawa lotereli silifika, limangosendera. Mafoni sakanawaulula, poti sola yotchajira mafoni pamudzipo inali isanaone dzuwa kwa sabata yathunthu ndipo mafoni onse anali atathima. Anatsala okha ndi chinsinsi chawo, ndipo chinkawawawa ngati chithupsa.

Choncho kugogoda kuja kutamveka Lachiwiri, a Fanuelo sanafunse kuti ndi chiyani. Mumtima mwawo anali ndi yankho kale. Munthu anamira, palibe anamufunafuna, palibe anamusambitsa kapena kumuika m'manda monga mwa chipembedzo chake, ndipo amene anamukankhira bwato wakhala pambaula akuwotha moto.

"Mwamva?" ananong'ona.

Amayiwo anatchera khutu. Makala analira thethethe, madzi ankadontha m'mphepete mwa denga, achule ankayimba kudambo. Kenako, kutali: ngo, ngo, ngo.

"Ndi lata la wina likugunda pamtengo," anatero a Leya.

"Lata siliwerenga katatu," anayankha Abiti Saidi motsitsa mawu.

Posakhalitsa chimkuzamawu cha pamzikiti chinakhosomola, mwazini anayamba kuitanira swala, pemphero la dzuwa litalowa. Abiti Saidi anadzuka n'kulowa kuchipinda, kumene a Leya ankawasungira mkeka woyera kwa zaka zambiri. A Fanuelo anamvetsera kunja ndipo kunali zii. Mtima wawo unakhala pansi poganiza kuti zatha. Koma asanamalize kapu yawo ya tiyi wa mandimu chinayambiranso, ndipo tiyiyo anamusiya mpaka anazizira.

Pofika Lachitatu m'mawa nkhani inali itafika kale pamjigo, ndipo pamjigo nkhani siichoka mmene yafikira. Ena ankati ndi anthu amene anakokoloka ndi namondwe wa Freddy, akufuna wowaonetsa njira ya kwawo. Mayi wina anati ndi makasu a anthu amene analima pansi pa nyanja chaka chimene inaphwa, ndipo eni nyanja akuwagunditsa pokumbutsa kuti munda uja sunali wopempha. Bambo wina wa ku Kachulu analumbira kuti agogo ake anamvapo zoterezi kalekale, ndipo amene anapita kukaona anabwera osalankhula mpaka imfa yake. Atafunsidwa dzina la munthuyo anati waiwala. Onse anagwirizana chinthu chimodzi chokha, chakuti wanzeru asayandikire kumabangoko.

A Fanuelo anamva zonsezi n'kubwerera kunyumba. Masana anayesa kuluka mono koma zala zinkasochera, mpaka anathyola nsungwi zitatu. A Leya anawayang'ana nthawi yaitali.

"Abambo, mukudwala?"

"Ndi msanawu. Mitambo ikatsika umandidziwitsa."

"Msana suletsa munthu kudya," anatero a Leya.

Madzulo mitambo inadetsa kum'mawa mofulumira moti nkhuku zinalowa m'khola nthawi isanakwane. Mphepo inayamba kuwomba kuchokera kunyanja, yonunkha matope ndi udzu wowola, ndipo inabwera nacho chogogoda chija. Tsopano chinali pafupi. Dzulo munthu ankachita kutchera khutu, lero chinkalowa chokha m'nyumba ngakhale chitseko chili chotseka. Agalu a m'mudzi, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, anali duu.

Abiti Saidi anabwera atafunda thumba kumutu, atanyamula mbale ya zitumbuwa. Anali munthu woti mantha akamugwira amalankhula kwambiri, choncho anayamba nkhani ya mabulangete. Anati mabulangete a masiku ano ndi opepuka ngati pepala, munthu umadzuka osadziwa ngati unafunda. A Leya anati lawo lakale lija, lolemera ngati chikopa cha ng'ombe, salisinthanitsa ndi chilichonse. Anakambirana za kupaka mafuta ofunda m'mawondo, za phala la mpunga lothira nsinjiro, za ubwino wogona mvula ikugwa pamene nkhuni zouma zili kale m'nyumba. Nthawi yonseyi kunja kunali ngo, ngo, ngo, ndipo aliyense ankachita ngati sakumva.

"Koma ukalamba ndi matenda," anatero Abiti Saidi. "Lero posesa ndapeza jekete ya achimwene yabwino ija ili pamsomali. Munthu wopita kwa mwana wake kutauni, kusiya jekete n'kutenga chijuzi chong'ambika cha kunyanja chija. Akatichititsa manyazi kwa apongozi."

A Fanuelo anatsegula pakamwa, mawu anafika pammero penipeni, koma nthawi yomweyo mphezi inang'anima ndipo bingu linagwedeza malata. Abiti Saidi anagwira dzanja la a Leya n'kuseka chifukwa cha mantha awo omwe.

"Bola iwo ali kouma," anatero. "Chifuwa chawo chija sichifuna chinyezi."

A Fanuelo anameza mawu awo. Anadzida kwambiri madzulo amenewo, ndipo tulo sanatione.

Lachinayi mvula inagwa tsiku lonse osapuma, yamvumbi, yolowa m'mafupa. Chogogoda chija chinamveka m'bandakucha, chinamvekanso masana, ndipo pofika madzulo chinali chitasintha. Sichinkakwanitsanso katatu nthawi zonse. Pena chinkagunda kawiri n'kuima, ngati chaiwala, kenako kamodzi kofooka. Pakati pake mphepo inkabweretsa phokoso lina losadziwika bwino, longa mpweya wotuluka m'botolo, limene linachititsa a Leya tsemwe mpaka anakatseka zenera ndi chiguduli. Mabanja awiri a kufupi ndi dambo anali atasamutsa kale ana awo kukagona kwa abale kumtunda.

Mwazini ataitana, Abiti Saidi analowa kuchipinda monga mwa masiku onse. Atatuluka sanakhale pansi msanga. Anaima pafupi ndi chitseko, mutu atapendeketsa, mpango wawo uli m'manja.

"Dikirani," ananong'ona. "Chiyamba posachedwa."

Anadikira. Madzi ankayenderera m'ngalande ya kuseri kwa nyumba. Khala lina linagumuka m'mbaula. Kenako: ngo, ngo.

"Mwaona?" anatero Abiti Saidi, n'kukhala pampando. "Masiku atatu tsopano ndakhala ndikuchisunga mumtima poopa kuti mundiseka. Chinthuchi chili ndi mwambo. Mwazini akangoyamba, chimasiya. Ndikaima kuti ndiswali, zii. M'bandakucha chimodzimodzi, masana chimodzimodzi. Sichinaphonyepo."

"Ndiye kuti ndi mzukwa wa kwanu kumzikiti," anatero a Leya pofuna kupeputsa nkhani. "Ife a tchalitchi tilibe nawo mlandu."

"Wakufa saswali, amayi," anayankha Abiti Saidi mosaseka. "Wakufa timamuswalira ndife. Yake ntchito inatha." Anapinda mpango wawo pamwendo. "Chimene chimandiseketsa n'chakuti ine ndimamaliza, ndimapinda mkeka, icho chikadali chete. Chimachedwa kumaliza ngati achimwene ndi mawondo awo aja. Iwo akagwada, kudzuka kwake mpaka ugwire khoma."

A Fanuelo anaimirira osadziwa kuti aimirira. Kapu inagwa pamwendo pawo n'kugubuduzika mpaka pakhoma. Masiku atatu onsewa ankamvera chogogodacho ndi makutu a munthu wolakwa, ndipo makutu otero amamva chiweruzo chokha. Sanaganizepo n'kamodzi komwe kuti udzu wa chimbowera umayandama, kuti namondwe akhoza kuudula osaumiza, kuti mphepo imene yakhala ikuwomba kuchokera kunyanja sabata yonse ikhoza kuukankhira kumtunda pang'onopang'ono. Iwo, msodzi wa zaka zonsezi, anafunika kuuzidwa ndi mayi amene sanakwerepo bwato.

"Abiti," anatero. "Che Rashidi sali ku Songani."

Ananena zonse ataimirira pomwepo: za miono, za ufa, za bwato la chigamba chofiira limene lili ku Kachulu. Sanadzichepetsere mlandu. A Leya anagwira pakamwa. Abiti Saidi sanalire ndipo sanakalipe, zimene zinawapweteka a Fanuelo kuposa kutukwanidwa.

"Kuyambira Lolemba," anatero mayiwo pang'onopang'ono. "Mwakhala mukudya zitumbuwa zanga, ine ndikukamba za matiresi."

"Ndimaganiza kuti anamira. Ndinasowa poyambira."

"Mukanayambira paliponse."

A Leya ndiwo anadula nkhaniyo. Anatenga beseni lachitsulo limene linkalandira madzi pakhonde, anakhuthula madziwo, anatenganso mthiko n'kuwapatsa Abiti Saidi. "Zokambazo mudzakamba," anatero. "Munthu wakhala akuchita odi masiku atatu. Tiyeni tikamuyankhe."

Anatuluka atatuwo mumvula, kachisisira katatsala pang'ono kusanduka mdima, akuterereka m'matope a njira yopita kudambo. Anthu ankawasuzumira pamazenera koma palibe anatuluka. Atafika pamene madzi ankafika m'mawondo, mabango ataima patsogolo pawo ngati khoma lakuda, Abiti Saidi anakweza beseni n'kumenya katatu.

Kunali zii. Ngakhale achule anaoneka ngati aima kaye. Mantha akale aja anayambanso kuwakwera a Fanuelo, akuti mwina ayitana chinthu chimene sichiyenera kuitanidwa.

Kenako yankho linabwera, osati katatu, osati mwadongosolo, koma mofulumira ndi mosokonekera ngati mwana amene wapatsidwa chitini: ngongongongo, ngo, ngongongo. Abiti Saidi anakhala pansi m'madzi momwemo, beseni lili pachifuwa, n'kuyamba kulira. Anafuula dzina la achimwene awo kangapo koma mphepo inkabweza mawuwo kumudzi.

Kulowa m'mabango mumdima kukanakhala kuwonjezera maliro. A Fanuelo, msana ataiwala kuti umawawa, anayenda wapansi mpaka ku Kachulu kukamupeza Edwadi. Edwadi poyamba anakana, poti naye anali atamva za munthu wosalankhula uja, koma atauzidwa za swala anavomera kuti anyamuka kukangoyera. Abiti Saidi anakana kubwerera kunyumba. A Leya anawabweretsera mpando ndi bulangete lolemera lija pansi pa mtengo wa m'mbali mwa dambo, ndipo amayi awiriwo ankasinthana kumenya beseni kuti wa m'mabangoyo adziwe kuti sanamuiwale. Anthu amene ankasuzumira aja anayamba kubwera mmodzimmodzi, wina ndi nkhuni, wina ndi ketulo, aliyense akunena kuti iye ankakayikira kale kuti ndi munthu.

Lachisanu kusanayere bwino boti la Edwadi linali litazungulira kale kumbali ya nyanja, a Fanuelo atakhala kutsogolo. Mvula inali itasiya, pamadzi pali nkhungu yopyapyala. Edwadi anazimitsa injini kuti amvetsere. Chogogodacho chinamveka kawiri, chofooka kwambiri, chakumanzere. Asanadziwe bwino malo ake, mawu a mwazini anafika kuchokera kumtunda, ndipo chinasiya.

"Tidikire," anatero a Fanuelo. "Akuswali."

Anadikira, boti likugwedezeka pang'ono. Mwazini anamaliza. Mbalame zinayamba kudzuka m'mabango. Nthawi ya swala ya munthu wamphamvu inatha, ya munthu wa mawondo owawa inathanso, koma kunali chete. Edwadi anayang'ana a Fanuelo, kenako anayang'ana kumbali. Nkhungu inayamba kuyera. A Fanuelo anapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene anapempherapo, lopanda chiyambi chake cha kutchalitchi, longoti musamutenge lero, osati titafika pafupi chonchi. Anatenga chitini chokapira madzi n'kumenya m'mbali mwa boti katatu.

Panadutsa kanthawi kotalika ngati chaka. Kenako, pafupi kwambiri moti Edwadi anadzidzimuka: ngo.

Anakankha boti ndi nsungwi kulowa m'mabango, masamba akuwacheka m'manja. Atadutsa pang'ono anaona chigawo cha udzu woyandama chachikulu ngati bwalo la pakhomo, chitapanikizika pakati pa mabango. Pamwamba pake panali chimbowera chitagwa mbali imodzi. Pansi pa kadenga kotsalako panakhala Che Rashidi, atafunda thumba pamwamba pa chijuzi chawo, poto wopindikapindika ali pakati pa miyendo, chikwanje chili m'dzanja lotupa. Mapazi awo anali atayera ndi kukwinyika chifukwa cha madzi. Kuchokera pamenepo munthu ankatha kuona nsonga ya mtengo umene amayi aja anagona pansi pake, koma pakati panali madzi opitirira mutu ndi matope omeza munthu.

A Fanuelo anakwawa paudzu wogwedezekawo mpaka anawagwira. Anali ozizira ngati mtsuko, koma anali amoyo. Edwadi anawanyamula ngati mtolo wa udzu n'kuwagoneka m'boti, ndipo a Fanuelo anawamwetsa tiyi wa m'fulasiki pang'onopang'ono. Mawu awo anali atatha kuyambira Lolemba chifukwa chofuula, ndipo chimene chinatsala chinali kunong'ona kokhakokha, kofanana ndi mpweya uja umene unkawopsa a Leya. Anafotokoza modukizadukiza kuti bwato linaduka chingwe, machesi ananyowa, ndipo akhala akudya ufa wosakaniza ndi madzi a mvula.

"Mwachedwa kumaliza swala lero," anatero a Fanuelo, posowa china chonena.

"Ndinagwada, kudzuka kunakanika. Ndinangoti ndigone kaye chogwada."

Tiyi atalowa m'thupi, maso a Che Rashidi anayamba kubwerera. Anawayang'ana mnzawoyo nthawi yaitali.

"Ndimamenyera inuyo, a Fanuelo. Ena onse ankadziwa kuti ndili ku Songani. Mumamva?"

"Ndimamva."

"Kuyambira liti?"

"Lachiwiri."

"Nanga?"

A Fanuelo anaweramitsa mutu. Panalibe bodza lotsala loti n'kunena. "Ndimayesa mwafa, ndiye mukubwera kudzandifunsa mlandu."

Che Rashidi anatseka maso, mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo a Fanuelo anaganiza kuti ndi chifuwa chija. Kunali kuseka.

"Ndikanafa ndikanavutikiranji ndi poto? Pakhomo panu ndimapadziwa."

Edwadi analiza injini, boti linatuluka m'mabango n'kulowera kumene madzi osefukira anafika kumunsi kwa mudzi. Dzuwa linatuluka koyamba pa sabata yonse, lofooka koma lofunda. Pamtunda panali khamu la anthu, ndipo patsogolo pa onse panaima mayi mmodzi, chitenje chili matope okhaokha, dzanja lina lili m'chiuno, lina litagwirabe mthiko.

Che Rashidi anadzutsa mutu movutikira n'kusuzumira m'mphepete mwa boti.

"Achemwali akudziwa zonse?"

"Zonse. Za miono, za ufa, za jekete."

"Akwiya?"

"Ine sanandilankhule kuyambira dzulo."

Che Rashidi anayang'ananso mthiko uja, kenako anagwira mkono wa mnzawo ndi dzanja lawo lotupa lija.

"A Fanuelo," ananong'ona, "muuzeni Edwadi atembenuze boti. Kuchimbowera kuja sikunali koipa kwenikweni."

A Fanuelo anaseka mpaka anagwira m'mimba, anaseka mpaka misozi inatuluka. Kuseka kutatha misoziyo sinasiye, ndipo sanaipukute. Anangogwiritsa dzanja la mnzawoyo mpaka boti linagunda pamtunda.